Za Ufa wa Kokonati ndi Chigumu cha Kwathu

 Mwezi uno tafuna kukamba nanu za ufa, pakuti kuno ku Lilongwe kwabuka mawu achilendo olembedwa pa timatumba ta m'masitolo, ndipo sipapita nthawi adzafika kwanuko pakamwa pa ana anu obwera kudzacheza. Mawuwo ndi akuti gluten-free, ndiko kunena kuti chakudyacho chilibe kanthu kena ka mu tirigu kotchedwa gluten. Nkwabwino kuti mumve tanthauzo lake asanafike, kuti angakudodometseni, ndi kutinso mudziwe kuti chimene anthu a chuma alikuchifunafuna ndi ndalama zambiri chili kale m'nkhokwe zanu.

Mzinda uno unayamba ngati boma laling'ono m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, nusanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975. Tsopano uli monga midzi ingapo yoyandikana, ndipo mudzi uliwonse uli ndi chakudya chake cha m'mawa. Ku Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi, amayi akhala m'mbali mwa njira ndi mabeseni a mandasi, zitumbuwa ndi zigumu, ndipo wa paulendo agula chimodzi nadya ali chiimire. Ku City Centre, kumene kuli mabanki ndi maofesi, ndi ku Capital Hill kumene kuli nyumba za boma, alembi amwa tiyi wawo ndi sikono kapena buledi wopaka majarini. Koma mukapitirira kunka ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene nyumba zili patalipatali m'kati mwa mipanda ya njerwa, mudzapeza ena amene aleka tirigu, nagula kathumba ka ufa wa kokonati, kamene mtengo wake ukadagula mgaiwa wodyetsa banja masiku angapo.

Nanga gluten ameneyu nchiyani? Mungathe kumuona ndi maso anu. Tapani ufa wa tirigu wodzaza dzanja, muukande ndi madzi pang'ono, ndipo mtandawo muutsuke m'mbale ya madzi, kufinya ndi kufinyanso, kufikira madzi aleka kuyera. Chotsala m'dzanja lanu chidzakhala kanthu komata ndi kotamuka, konga ulimbo umene anyamata atchera nawo mbalame. Ameneyo ndiye gluten. Ntchito yake mu buledi ndi iyi: chotupitsa chikayamba kutulutsa mpweya m'kati mwa mtanda, ulimbowo ugwira mpweyawo kuti usathawe, chotero mtanda ufufuma, ndipo ukapsa ukhala wofewa ndi wa timaenje. Ulimbo umenewu upezeka mu tirigu, mu barele, ndi mu mbewu ina ya maiko ozizira yotchedwa rye. Mu chimanga mulibe, mu mpunga mulibe, ngakhale mu mapira, mawere, mchewere, chinangwa, mbatata, soya ndi mtedza mulibenso. Nchifukwa chake ufa wa chimanga, ngakhale muuthire chotupitsa chochuluka chotani, sufufuma monga buledi wa kusitolo.

Kwa anthu ambiri gluten alibe vuto, ndipo adya buledi moyo wawo wonse osadwala. Koma alipo ena amene thupi lawo limuyesa mdani. Nthenda yawo madokotala aitcha coeliac, ndipo awerenga kuti pa dziko lonse igwira monga munthu 1 mwa anthu 100 alionse. M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo, timene timwa zabwino za m'chakudya ndi kuzilowetsa m'magazi. Munthu wa nthendayi akadya tirigu, thupi lake lomwe liyamba kuwononga tiubweya timeneto, ndipo chakudya chingopita osasiya mphamvu. Mwana wotere atsegula m'mimba kawirikawiri, mimba itupa, miyendo iwonda, magazi achepa, ndipo sakula monga anzake, chinkana amake amdyetsa mokwanira.

Mbiri ya m'mene chinadziwikira choyambitsa nthendayi ndi yopatsa nzeru. M'chaka cha 1888 dokotala wa ku London, Samuel Gee, analongosola zizindikiro zake, nanena kuti machiritso ake adzachokera m'zakudya. Koma chakudya cholakwacho sanachidziwe. M'chaka cha 1924 dokotala wina wa ku New York, Sidney Haas, anayamba kudyetsa ana otere nthochi zakupsa zambiri, nawaletsa buledi ndi zina, ndipo ambiri anachira. Anthu anatamanda nthochi, osazindikira kuti chowachiritsa chachikulu chinali kuleka tirigu. Pomaliza chinthuchi chinaululika ndi njala. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 kufikira 1945, ku Netherlands kunagwa njala yoopsa, ndipo buledi anasowa. Dokotala wa ana, Willem Dicke, amene anali kukayikira tirigu kale, anaona kuti ana a nthendayi anayamba kupeza bwino pamene ena onse anali kuwonda, ndipo buledi atabweranso anadwalanso. Analemba zimenezi m'chaka cha 1950, ndipo kuyambira pamenepo machiritso ake akhala amodzi okha: kuleka tirigu, barele ndi rye moyo wonse.

Munthu asanene kuti imeneyi ndi nthenda ya azungu okha. M'chaka cha 1999 madokotala amene anapima ana a mtundu wa Saharawi, kumpoto kwa Africa, anapeza kuti oposa 5 mwa 100 alionse anali nayo. Kale makolo athu sanali kudya tirigu, chotero ngakhale wina akadabadwa nayo, sikadaonekera. Koma lero mandasi afika pa sukulu iliyonse ndi pa msika uliwonse wa kumudzi, ndipo mwana amene agogo ake sanalawe tirigu kufikira atakula, iye amudya asanamere mano onse. Pamenepa ndi pamene nkhaniyi ikhudza ife tonse.

Tsopano tinene za ufa wa kokonati. Mtengo wa kokonati, umene Aswahili atcha chipatso chake nazi, ukonda malo otsika, otentha ndi a chinyezi. Uchuluka ku Indonesia, ku Philippines, ku India ndi ku Sri Lanka, ndiponso kufupi ndi ife kuno m'mbali mwa nyanja ya mchere, ku Tanzania ndi ku Quelimane m'dziko la Mozambique. Kwathu kuno uoneka m'malo ena a kunyanja, ndipo kunenedwa kuti ku Nkhotakota unadza ndi a Jumbe pamodzi ndi ulimi wa mpunga. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, si kwawo kwa mtengowu. Chotero ufa wake uyenda ulendo wautali usanafike pa shelefu, ndipo wogula ndiye alipira ulendowo. Kapangidwe kake nkotere: aswa chipatso, napala mnofu woyera wa m'kati, naufinya kuti mkaka ndi mafuta zituluke, zotsalazo aziumitsa pa moto wochepa, nazipera kufikira zisalala.

Alipo mayi wina wa kwathu amene aphika m'nyumba ina ku Area 10, m'mene muli mwana wa nthenda imeneyi, ndipo tsiku lina anatilola kukhala pambali ndi kupenya ntchito yake. Anayesa theka la kapu lokha la ufawo, nausefa, pakuti uchita mibulu. M'mbale ina anaswa mazira 4, nakanya nthochi 3 zakupsa, nathira masupuni 4 a mafuta, soda pang'ono ndi mchere wa pa nsonga za zala. Atasakaniza zonse, chinali chamadzimadzi monga phala la mwana, ndipo ife tinafunsa ngati sawonjezera ufa. Iye anaseka nati, "Dikirani, achimwene, ufa uwu ndi waludzu; mukauonjezera mudzadya mchenga." Ndipo zoonadi, patapita mphindi 10 phala lija linalimba lokha. Analithira m'chitini chopaka mafuta, naliika mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi monga 40, ndipo chinatuluka chofiirira, chonunkhira, chotsekemera ndi chokhutitsa msanga.

Pamenepo tinaphunzira makhalidwe atatu a ufa umenewu. Loyamba, umwa madzi koposa ufa wina uliwonse umene tiudziwa, chifukwa uli ndi ulusi wambiri wonga gaga. Chotero pamene mukadathira kapu yathunthu ya tirigu, wa kokonati muthira gawo limodzi la magawo 4, kapena la magawo 3. Lachiwiri, popeza ulibe ulimbo, sugwirana wokha, ndipo mazira ndiwo agwira ntchito ya ulimbowo. Mukawachepetsa, chophikacho chinyenyeka m'manja. Lachitatu, ufuna kusungidwa m'chitini chotseka bwino, pakuti ukoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mafuta otsalamo aufulumiza kununkha.

Sitinyoza ufa umenewu. Ndi chakudya chabwino, ndipo mwana wa m'nyumba ija adya keke pa tsiku la kubadwa kwake monga anzake. Koma tiyeni tiwerenge mtengo wake monga awerengera mayi wa kumudzi. Kathumbako nkodula, sikapezeka pa golosale ya kwanu, ndipo kabuledi kamodzi kadya mazira 4, amene mayi akadagulitsa kuti agule sopo ndi mchere, kapena akadasiyira nkhuku kuti iswe anapiye. Nanga mayi wa ku Mitundu kapena wa ku Nsaru, dokotala akamuuza kuti mwana wake asadyenso tirigu, adzatani? Kodi adzabwerera kwawo ndi chisoni, nayesa kuti mwana wake adzachira pokhapokha atalemera? Iai ndithu. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nsima imene mwanayo adya masana ndi madzulo ilibe gluten, phala la mgaiwa lothira nsinjiro lilibe, futali alibe, mpunga ulibe, ndipo ngakhale Likuni Phala, amene dzina lake lichokera ku Likuni pafupi ndi mzinda uno, apangidwa ndi chimanga ndi soya.

Ndipo mwana akalira chifukwa anzake alikudya buledi, chilipo chigumu, chimene ena achitcha chikondamoyo. Taonani m'mene amayi athu anathetsera kalekale vuto lomwe lija la ufa wopanda ulimbo. Atenga makapu 2 a mgaiwa wosefa bwino, nakanyiramo nthochi 4 zakupsa kwambiri, zija za mawanga akuda zimene wogulitsa afuna kutaya. Athira soda pang'ono, mchere, shuga ngati alipo, ndi chambiko kapena madzi, kufikira chikhala cholimba koposa phala koma chofewa koposa nsima. Nthochi ndizo zigwira ufa pamodzi ndi kusunga chinyezi, monga achitira mazira mu ufa wa kokonati. Ndipo soda akakumana ndi kuwawasa kwa chambiko atulutsa mpweya umene ufufumitsa chigumucho. Dzira limodzi likapezeka lithandiza, koma likasowa chigumu chipsa ndithu. Uvuni wake ndi poto wopaka mafuta: makala ochepa pansi, makala ambiri pa chivundikiro, pakuti moto ukachuluka pansi chipserera kunsi m'kati muli muwisi. Mubaya ndi kamtengo koyera, ndipo kakatuluka kouma, chapsa. Ulipo ndi mkate wa makolo, wa ufa ndi nthochi zosinja pamodzi, wokulunga m'masamba a nthochi ndi kuphika m'madzi, umene anthu anali kunyamula ngati kamba wa paulendo. Dokotala uja wa ku New York akadafika m'mudzi mwa agogo athu, akadapeza mankhwala ake ali kale pamoto.

Ufa wina woyenera kuukumbukira ndi wa chinangwa. Abale athu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota aviika chinangwa m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, napanga ufa wa kondowole. Koma ufa umenewo uli ndi fungo lake limene si onse alikonda mu keke. Ilipo njira ina yopangira ufa woyera wopanda fungo: kusenda, kutsuka, kupala chinangwacho kuti chikhale tizidutswa, kuchifinya m'thumba kufikira madzi atha, kuchiyanika pa thandala loyera, ndipo zonsezi zithe tsiku limodzi chisanayambe kusasa, pamenepo nkupita nacho kuchigayo. Chinangwa chozuna monga Manyokola ndicho choyenera pa ntchito ya pakhomo; chowawa chili ndi ululu wakupha, ndipo sichifuna chibwana. Ufa wa chinangwa umata pang'ono ukapsa, chotero mukausakaniza ndi mgaiwa kapena ufa wa mpunga, chophikacho chigwirana bwino. Koma pawokha uli ndi zomanga thupi zochepa, ndipo kwa mwana muyenera kuonjezera ufa wa soya wokazinga, nsinjiro kapena dzira.

Mbatata yofiira m'kati nayonso ilowa bwino m'chigumu. Mitundu yake monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira inaperekedwa kwa alimi m'chaka cha 2011, ndipo ili ndi vitamini A amene athandiza maso ndi kuteteza thupi la mwana. Muiphika, muikanya, ndi kuithira m'malo mwa nthochi kapena pamodzi nazo. Tisaiwalenso mapira ndi mawere, mbewu zimene makolo athu analima chimanga chisanafike kuchokera ku America. Mawere ali ndi zolimbitsa mafupa zambiri, ndipo mbewu zonsezi zipirira chilala koposa chimanga. Bungwe la United Nations linapatula chaka cha 2023 kuti chikhale chokumbukira mbewu za mtundu umenewu, pamene ife eni ake tinazisiyira thobwa lokha.

Nanga chinachitika nchiyani kuti tiyambe kuchita manyazi ndi zakudya zimenezi? Tirigu anafika ndi alendo, ndipo dzina lomwe la sikono linadza ndi anthu a ku Scotland. Popeza anali chakudya cha bwana ndi cha mphunzitsi, tinamuyesa chizindikiro cha kutukuka, kufikira lero mlendo akafika mwana atumidwa kukagula buledi, chigumu nkubisidwa kukhitchini. Koma tirigu amene tilima ku Neno ndi ku Tsangano ndi wochepa, ndipo wochuluka agulidwa kunja ndi ndalama zakunja, nadzera pa madoko monga Nacala ndi Beira. Nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine m'chaka cha 2022, mtengo wa tirigu unakwera pa dziko lonse. Ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mandasi anachepa msinkhu, mtengo wake nukula. Nthochi ya kuseri kwa nyumba yanu sidziwa za nkhondo ya kutali.

Tsono tikupatsani malangizo anayi, ndipo tikupemphani muwasunge.

Choyamba, musadzipime nokha. Kutsegula m'mimba, kuwonda ndi kuchepa magazi zidza ndi nthenda zambiri, monga njoka za m'mimba, malungo, madzi oipa ndi kuperewera kwa chakudya, ndipo zimenezi ndizo zichuluka pakati pathu. Pitani naye mwana kuchipatala, ndipo ngati mwaona kuti adwala akadya mandasi kapena buledi, muuzeni dokotala. Nthenda ya coeliac idziwika popima magazi ndi poona kachidutswa ka m'matumbo, ndipo munthu akaleka tirigu asanapimidwe, zizindikiro zake zibisala. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, ngati dokotala watsimikiza, dziwani kuti ngakhale tirigu wochepa kwambiri apweteka. Malamulo a zakudya a pa dziko lonse alola mawu aja akuti gluten-free pokhapo gluten sapitirira magawo 20 pa magawo 1,000,000. Chotero mwanayo akhale ndi sefa yake ndi mthiko wake. Zitumbuwa zake zisakazingidwe m'mafuta amene mwakazingira mandasi. Ndipo pogula chigumu pamsika funsani, pakuti ena athiramo tirigu pang'ono kuti chifewe. Buledi wa m'masitolo wotchedwa wa mbatata kapena wa chinangwa kawirikawiri ali ndi tirigu wambiri ndithu, ndipo sayenera munthu wotere. Werenganinso zolembedwa pa mapaketi a supu, masoseji ndi mabisiketi.

Chachitatu, inu amene mulibe nthendayi musanyengedwe ndi otsatsa malonda amene anena kuti ufa wopanda gluten uchiritsa nthenda zonse, kapena kuti uchotsa kunenepa. Keke wa kokonati wodzaza shuga ndi mafuta ndi keke ndithu. Musagulitse mbuzi chifukwa cha kathumba kokongola.

Chachinayi, amayi amene muphika zogulitsa, onani mwayi uli apa. Anthu a m'mipanda ija alikufuna chakudya chopanda tirigu, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti chigumu chophikidwa mwaukhondo, ndi ufa wosasakaniza, ndicho chimene alikufunacho. Amene adzasamala ziwiya zake, nayanika ufa wake pamalo poyera, nanena zoona za zimene wathiramo, adzapeza omgula, ndipo dzina lake lidzamveka.

Mlendo akadzafika pakhomo panu mwezi uno, yesani kumuikira chigumu chotentha pa mbale yabwino ija imene musungira alendo, ndipo muchipereke ndi manja awiri, osapepesa. Atsikana anu aimirire pafupi pamene muphika, aone muyeso wa soda ndi kaikidwe ka makala, pakuti nzeru imeneyi sinalembedwe pa kathumba kalikonse, ndipo tikaleka kuiphunzitsa idzapita ndi agogo.